Shopu yomwe inandikonzera kakhalidwe ka pa njinga ndisanapalase time trial ya chaka chino

Mu Epulo chaka chino ndinapereka mapaundi 95 ku kashopu kena ka njinga kuno ku Leeds kuti munthu andiyang'ane m'mene ndimakhalira pa njinga yanga. Nditafika kunyumba akazi anga anafunsa kuti nde mwabwera ndi chani m'manja, ndinawaonetsa njinga yomwe ija ndinapita nayo, palibe chatsopano kupatula timaspesa tiwiri, tinthu tokwezera, pansi pa mapadi oikapo zigongono. Koma pa ndalama zonse zomwe ndalowetsa pa njinga imeneyi zaka zitatu zapitazi, ma 95 amenewa ndi amene agwira ntchito yooneka ndi maso, nde ndati ndifotokoze bwinobwino zabwino zake komanso zomwe zinandikhumudwitsa, poti ndikudziwa pali abale ena kuno ku UK amene ayamba kupalasa ndipo akuganiza zolowa nawo mipikisano imeneyi.

Kwa amene simukuidziwa time trial, ndi mpikisano woti simunyamuka chigulu ayi. Aliyense amanyamuka yekha, wina akapita pamadutsa mphindi imodzi kenako wina, ndipo wopambana ndi amene wamaliza mtunda wonsewo pa nthawi yochepa. Kubisala kumbuyo kwa mnzako kuti akutchingire mphepo nkoletsedwa, ukampeza umangomudutsa basi. Mitunda yodziwika ndi mamailosi 10, 25, 50 ndi 100, palinso ina yopalasa maola 12 kapena 24 osalekeza. Bungwe lomwe limayang'anira zimenezi ndi Cycling Time Trials, anthu amangoti CTT. Zinayamba kalekale cha m'ma 1890 pamene mipikisano ya chigulu pa msewu inkaletsedwa, nde opalasa ankakumana m'bandakucha mwakachetechete atavala zakuda kuti asakope maso a apolisi, ndipo mpaka lero njira zake amazitchula ndi chilembo ndi nambala m'malo mwa dzina la msewu. Ine ndimapalasa ya mamailosi 10, omwe ndi makilomita 16 ndi pang'ono, yomwe kalabu ina ya kumpoto kwa Leeds imakonza kamodzi pa chaka nyengo yotentha. Msewu sautseka, magalimoto amadutsa ngati masiku onse.

Chaka choyamba ndinapita ndi njinga yanga wamba ya pa msewu, ndinamaliza pa 28:41, ndinasangalala zedi chifukwa cholinga chinali kungotsika pa mphindi 30. Chaka chachiwiri ndinagula ma aero bar pa intaneti, timitengo tiwiri tija timamangidwa pa hendulo kuti uzigoneka mikono kutsogolo zigongono zili pamodzi. Ndinamanga ndekha pa khonde ndi allen key, ndinatsitsa mapadi mpaka pansi penipeni poti m'mutu mwanga kuwerama kwambiri nde liwiro. Ndinamaliza pa 28:10. Masekondi 31 okha, koma khosi linandipweteka sabata yathunthu mpaka ku ntchito ndimavutika kutembenuza mutu ndikamathandiza okalamba kudzuka pa bedi, manja dzanzi, ndipo theka la mpikisanowo ndinali nditachoka pa timitengo tija nkubwerera pa hendulo chifukwa mpweya sumalowa bwino m'chifuwa. Titamaliza tikumwa tiyi mu holo, bambo ena achikulire a mu kalabu ija, amene amagwira wotchi poyambira, anandikokera pambali nkundiuza kuti ukupalasa ngati njingayo ndi yobwereka, pita ukaikidwe bwino usanagule china chilichonse. Ndi iwowo anandilozera shopu ndikuikambayi.

Ndiyambe ndi bukingi. Ndinaimba foni kumayambiriro kwa Epulo, anandiuza kuti tsiku lapafupi ndi patatha masabata atatu chifukwa munthu wopanga bike fit, komwe ndi kuyeza ndi kusintha njinga kuti igwirizane ndi thupi lako, ndi mmodzi yekha ndipo nyengo imeneyo aliyense amakhala akutulutsa njinga m'garaja. Nde ngati mpikisano wanu uli mu Juni kapena Julaye musadikire, imbani mu Febuluwale. Anandiuziratu zobwera nazo, njinga, nsapato zopalasira, kabudula wa padi amene ndimavala tsiku la mpikisano, helemeti, ndi botolo la madzi poti ndikatuluka thukuta. Izi zinandisangalatsa, amadziwa chomwe akuchita.

Shopuyo ndi yaing'ono, kutsogolo kuli machubu, matayala ndi njinga za ana, fungo la girisi ndi labala lili thoo, ndipo chipinda choyezeracho chili kuseri kudutsa pamene amakaniko amagwirira ntchito. Pa khoma pali zithunzi ziwiri zakale. China ndi cha Beryl Burton, mayi wa konkuno ku Yorkshire amene mu 1967 anapalasa mamailosi 277.25 pa maola 12, kuposa ngakhale rekodi ya amuna ya nthawi imeneyo. China ndi cha Greg LeMond atawerama pa ma aero bar tsiku lomaliza la Tour de France ya 1989, pamene ananyamuka ku Versailles ali kumbuyo kwa Laurent Fignon ndi masekondi 50, nkukafika ku Paris atapambana mpikisano wonse wa masabata atatu ndi masekondi 8 okha. Bambo woyezayo, munthu wa zaka mwina 60, wochepa thupi, wolankhula motsitsa, anandiona ndikuyang'anitsitsa chithunzicho nkunena kuti anthu ambiri amaona timitengoto koma saona kuti munthuyo anatha kukhala pomwepo makilomita onse 24.5 osadzuka. Mawu amenewa nde anali mutu wa zonse zomwe zinachitika maola awiri otsatirawo.

Sanayambe ndi njinga. Anandiuza ndivule nsapato, ndiime, ndiwerame kugwira zala za kumapazi mawondo ali owongoka, kenako ndigone chagada pa mphasa iye nkumanyamula mwendo umodziumodzi kuona pamene ukuthera. Anandifunsa ntchito yomwe ndimagwira, nditanena kuti ndimakhala chiimire mashifiti a maola 12 ndikunyamula anthu anagwedeza mutu nkulemba. Anafunsanso ngati ndinayamba ndavulalapo msana kapena bondo, komanso kuti ndimapalasa kangati pa sabata. Palibe amene anandifunsapo zimenezi pa nkhani ya njinga, ngakhale pamene ndimaigula.

Kenako anamanga njinga yanga pa turbo trainer, kachitsulo kaja kamagwira tayala lakumbuyo kuti uzipalasa uli malo amodzi, nkundimata timadontho toyera pa kakolo, pa bondo, pa chiuno, pa phewa ndi pa chigongono. Kamera ina pambali, ina kumbuyo. Anati ndipalase kaye mphindi 10 momasuka, kenako ndiike giya yolemera ngati ndili pa mpikisano. Apa nde panali phunziro. Ataimitsa vidiyo pa kompyuta ndinadziona ndekha kwa nthawi yoyamba kuchokera kumbuyo, chiuno chikugwedera uku ndi uku pa kupalasa kulikonse, bondo lamanja likakwera pamwamba likutulukira kunja ngati likuthawa mimba, mapewa atakwera mpaka m'makutu, ndipo mutu uli chilili pamwamba ngati kamba akusuzumira. Anandilozera ndi cholembera pa sikirini kuti taonani apa, mwatsitsa mikono koma chishalo mwachisiya kumbuyo komwe chinali, nde thupi lapindika pakati, ntchafu ikamakwera ikugunda pamimba, mwendo ukusowa kopita nkumatulukira kunja, ndipo poti simukuona kutsogolo mukukweza mutu wonse, ndiye mphepo yomwe mumaithawa ndi mikono mukuikolanso ndi mutu.

Anandifotokozera mwachidule kuti pa liwiro la mpikisano mphamvu zambiri za munthu zimathera kukankha mphepo, osati kulemera kwa njinga kapena matayala, ndipo chomwe chimatchinga mphepo kwambiri ndi thupi la wopalasayo osati njinga. Komanso liwiro likamakwera mphamvu yofunika kuboola mphepo imakwera mofulumira kuposa liwirolo, ukafuna kuthamanga kawiri pamafunika mphamvu pafupifupi kasanu ndi katatu. Ine ndinakulira ku Salima, ndinaphunzira kupalasa pa njinga ya bambo anga yonyamulira matumba a chimanga, ndipo aliyense amene anapalasapo molimbana ndi mwera akudziwa kuti umawerama wekha osauzidwa, ngakhale akabaza amatero akapanda kunyamula munthu. Kungoti kuwerama kwa mphindi ziwiri ndi kuwerama kwa mphindi 27 mtima ukugunda pakhosi ndi zinthu zosiyana.

Zomwe anasintha ndi zochepa moti mutha kudabwa. Chishalo anachisunthira kutsogolo mamilimita 15 nkuchikweza pang'ono kuti mwendo usafupike, mphuno yake anaitsitsa pang'onong'ono kwambiri. Mapadi a zigongono, amene ine ndinawatsitsa mpaka pansi, iye anawakweza ndi mamilimita 20 nkuwatalikitsa pang'ono kuti chifuwa chitseguke. Ndinatsutsa, ndinati bambo, kukweza si kubwerera m'mbuyo kodi? Anangoti palasaninso tione. Ndipo zoona pa vidiyo yachiwiri mikono inali m'mwamba kuposa kale koma mutu unatsika wokha nkulowa pakati pa mapewa, msana unagona, ndipo ndimatha kuona kutsogolo pongokweza maso osati khosi lonse. Anasinthanso ka cleat ka pansi pa nsapato yamanja, kaja kamalumikiza nsapato ndi pedulo, kukabweza m'mbuyo pang'ono. Chilichonse amasintha chimodzi, ndipalase mphindi zitatu, afunse ndikumva bwanji, kenako china. Sanathamange ndi gawo limeneli ngakhale pang'ono. Pomaliza anatenga maka yoyera nkuika kachizindikiro pa mtengo wa chishalo ndi pa njanji zake kuti zikasuntha ndidziwe pobwezera.

Chomwe chinandipangitsa kumukhulupirira zenizeni ndi ichi. Ndinamufunsa za helemeti zija zosongoka kumbuyo, zinalipo pa shelefu pomwepo zodula kuposa mtengo wa kuyezako, ndipo ndinali wokonzeka kulowa m'thumba. Anakana, anati musagule chaka chino, khosi lanu lisanazolowere mudzakhala mukugwetsa ndi kudzutsa mutu ndipo mchira wa helemetiyo uzidzaima m'mwamba nkumakola mphepo kuposa yomwe muli nayoyi. Anati ndalamayo ndigulire malaya ogwira thupi osapepeluka, ndi matayala abwino akatha amene ndili nawo. Munthu wa bizinesi kukana kukugulitsa chinthu chomwe wachipempha wekha, sizichitikachitika.

Tsopano zomwe sizinali bho, ndipo sindibisa. Choyamba tinayamba mochedwa ndi mphindi pafupifupi 25 chifukwa bambo yemweyo amathandizanso kutsogolo kwa shopu, ndipo mkati mwa kuyeza anatuluka kawiri kukayankha makasitomala, ine nditakhala pa njinga thukuta likuzizira. Ukalipira mapaundi 95 umayembekezera kuti maola awiriwo ndi ako. Chachiwiri, pepala la miyezo yonse lomwe analonjeza kutumiza pa imelo tsiku lomwelo linabwera patatha masiku 9, nditaimba foni kawiri. Chachitatu, patangopita masiku anayi padi ya kumanzere inayamba kugwedera ndili pa msewu, bawuti imodzi sinamangidwe mokwanira pomaliza. Nditabwerera anapepesa kwambiri, anamanga mabawuti onse ndi sipanala ija yoyeza kulimba pamaso panga osandilipiritsa, koma padi kugwedera uli pa liwiro zigongono zili pomwepo mabuleki ali kutali ndi zala si nkhani yaing'ono. Nde inu mukapita, musanatuluke apempheni ayang'anenso bawuti iliyonse yomwe agwira.

Koma chomwe chinandiwawa kwambiri ndi china. Mipikisano yambiri ya CTT masiku ano ili ndi gulu lapadera la njinga wamba za pa msewu, kuti anthu opanda njinga zodula za time trial azipikisana okhaokha, ndipo mu gulu limeneli ma aero bar saloledwa. Ndekuti ukangomanga timitengo tija pa njinga yako wamba watuluka m'gulu limenelo, dzina lako likupita pamodzi ndi anthu a njinga za mapaundi masauzande, mawilo otseka ndi zovala za thupi lonse. Ine ndinamuuza bamboyo momveka kuti ndikukonzekera time trial ya CTT, ndipo iye amazidziwa bwino zimenezi, amayenera kundifunsa kuti kodi mukufuna kupikisana gulu liti tisanayambe nkomwe. Ndinazidziwira pa fomu yolembetsera. Sindikuti ndikanasintha maganizo, poti ine chomwe ndimalimbana nacho ndi nthawi yanga ya chaka chatha osati malo pa mndandanda, koma wina amene akufuna kuoneka bwino pa zotsatira akanataya ndalama zake pachabe, iyeyo amafunika kuyezedwa pa hendulo wamba basi.

Anandichenjeza kuti thupi limafuna masabata angapo kuzolowera, ndipo ndi zoona. Sabata yoyamba minofu ya kuseri kwa ntchafu imakoka, ndimangokhala pa timitengoto mphindi zisanu nkudzuka. Ndinatsatira zomwe ananena, kuwonjezera pang'onopang'ono, kuyeserera pa msewu wopanda anthu ambiri, osagona pa ma bar ndikakhala pa gulu ndi anzanga kapena pa makona, ndiponso kuphunzira kuchoka msanga kupita ku mabuleki. Pofika sabata yachisanu ndimatha mphindi 25 osadzuka.

Tsiku la mpikisano linali Loweruka masana. Ndinafika ku holo ya m'mudzi komwe amalembetsera, ndinasaina, ndinatenga nambala yanga, mayi ena anandithandiza kuibaya ndi mapini kumunsi kwa msana kuti ogwira wotchi aione ndikawerama. Malamulo ake pano amafuna helemeti komanso nyali yoyaka kutsogolo ndi kumbuyo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, opanda zimenezi sunyamuka. Poyambira pamakhala munthu wokugwirira njinga kumbuyo kuti mapazi onse akhale atalowa kale m'mapedulo, nde umangoima chilili pa njinga osaponda pansi, ukumva dzanja lake likugwedera pang'ono pansi pa chishalo, kutsogolo msewu uli zii, amene ananyamuka mphindi yapitayo akuoneka ngati kadontho kofiira patali. Bambo achikulire aja anali pomwepo ndi wotchi yawo ndi bolodi la mapepala, anati masekondi 30, kenako 10, kenako kuwerenga chotsitsa kuyambira 5, ndipo atangoti pita ndinamva dzanja lija landisiya.

Popita mphepo inali kumaso. Chaka chatha malo amenewa nde ndinayamba kudzuka, koma ulendo uno ndinangokhala pomwepo, zigongono pa mapadi, maso kutsogolo, mpweya ukulowa mpaka pansi pa mimba. Nkhani ya maso ndi yofunika, kupalasa mutu uli pansi osaona msewu nkoletsedwa ndipo akakuona amakuchotsa pa zotsatira, poti anthu amagunda magalimoto oima chifukwa cha zimenezo. Ndinachoka pa ma bar pa raundabauti yokhotera pokha, pomwe ma marshal a majekete achikasu amangokulozera njira koma alibe mphamvu yoimitsa galimoto, ndinadikira kagalimoto kofiira kadutse nkuzungulira. Pobwerera mphepo ili kumsana ndinampeza amene ananyamuka patsogolo panga, koyamba m'moyo mwanga kudutsa munthu pa mpikisano umenewu. Mailo yomaliza miyendo inali moto, mkamwa mukumveka ngati chitsulo, koma khosi lili phee. Podutsa pa mzere ndinakuwa nambala yanga monga amafunira.

Ku holo ukabweza nambala amakupatsa kapu ya tiyi, keke umagula ndi tindalama tochepa, anthu nkumaunjikana pa bolodi kudikira nthawi zilembedwe. Yanga inatuluka 26:52. Kuchoka pa 28:10 ndekuti ndadula mphindi imodzi ndi masekondi 18, liwiro la pafupifupi makilomita 36 pa ola. Ndinaimba foni kunyumba ndili panja pa holo mawu akunjenjemera. Sindinganene kuti masekondi onsewo ndi a shopu, chifukwa chaka chino ndinapalasanso kwambiri m'nyengo yozizira ndipo tsikulo kunali kofunda bwino, koma chomwe ndikutsimikiza nchoti chaka chatha ndinakhala pa ma bar theka la njira, chaka chino njira yonse, ndipo Lolemba ndinapita ku ntchito khosi lili bwinobwino.

Nde kodi ndi ya ndani sevisi imeneyi? Ngati mukungofuna kulawa time trial koyamba, musalipire kanthu, pitani ndi njinga yomwe muli nayo, makalabu ambiri amakhala ndi timipikisano ta madzulo mkati mwa sabata nyengo yotentha totsika mtengo, ndipo anthu ake amalandira bwino alendo. Koma ngati mwamanga kale ma aero bar ndipo mukumva khosi, dzanzi m'manja kapena kupweteka pokhalira, kapena mukuganiza zogula mawilo odula, yambani mwayezedwa. Funsani mtengo ngati ukuphatikiza kubweranso kachiwiri, wanga unaphatikiza ulendo umodzi mkati mwa miyezi itatu ndipo ndinaugwiritsa ntchito mu Juni, anangobweza chishalo mamilimita atatu. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha bawuti ija ndi nkhani ya gulu la njinga wamba yomwe sanandiuze.

Chaka chamawa ndikufuna kuyesa ya mamailosi 25, ndipo bamboyo anati pa mtunda umenewo mwina tidzakwezenso mapadi pang'ono poti ndi nthawi yopitirira ola uli chiweramire. Ndawauza kale kuti ndidzaimba mu Febuluwale, ndipo ndidzapempha tsiku la mkati mwa sabata m'mawa pamene kutsogolo kwa shopu kulibe anthu.